Asanamutche wakuba, khoti lizifunsa mafunso onse

Tiyerekeze anthu awiri. Woyamba ndi mtsikana wogwira ntchito ya pakhomo ku Area 25 mu Lilongwe. Watha miyezi itatu osalandira malipiro, ndipo akafunsa, adona amangoti "tiona kumapeto kwa mwezi". Tsiku lina apeza ndalama zitasiyidwa m'kabati. Awerenga zokwana malipiro ake a miyezi itatuyo, zotsala azibwezera pomwe zinali, atumiza uthenga pafoni wonena zomwe wachita, n'kukwera minibasi ya kwawo ku Dowa. Wachiwiri ndi msungichuma wa banki m'khonde, mayi wopemphera amene mudzi wonse umamupatsa ulemu. Watapa K300,000 pa ndalama zomwe gulu linamusungitsa kuti akaode belo la kaunjika, ali ndi chikhulupiriro chonse kuti pofika Disembala, nthawi yogawana, adzakhala atabweza ndi chiongoladzanja chomwe.

Mukafunsa pamsika kuti wakuba ndani pa awiriwa, zala zambiri ziloza mtsikanayo. Za mayi uja anthu anena kuti anangobwereka, kungoti geni sinayende. Lamulo la dziko lino limaona mosiyana. Mtsikanayo ali ndi yankho lomwe khoti liyenera kulimvetsera bwino lisanamupeze wolakwa. Mayi wa kaunjikayo, ngati anzake sanamuloleze, alibe pothawira: anaba tsiku lomwe anatapa ndalamazo, kaya adzabweza kaya sadzabweza.

Pa nkhaniyi ine ndikugwirizana ndi lamulo. Chondidetsa nkhawa n'chakuti m'makhoti a majisitireti, komwe milandu yambiri ya kuba imathera, mafunso amene amasiyanitsa anthu awiriwa nthawi zambiri amadumphidwa, ndipo amene amalipira ndi mmphawi wopanda loya.

Lamulo lomwe tikunenali lili m'buku la milandu ndi zilango lotchedwa Penal Code, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 1930, dziko lino likadali Nyasaland. Silinalembedwe poganizira ife tokha. Angerezi anatenga chitsanzo chimodzi, chomwe mizu yake ili m'malamulo a ku Queensland ku Australia a 1899 omwe analemba Sir Samuel Griffith, n'kuchigawa m'maiko angapo omwe ankawalamulira. N'chifukwa chake loya wa ku Zambia kapena ku Kenya akatsegula buku lathu pa nkhani ya kuba amapeza mawu omwe akuwadziwa kale, kungosiyana manambala a magawo. Kuti linabwera ndi atsamunda si chifukwa chokwanira cholitayira kudzala. Gawo lofotokoza za kuba analilemba mwaluso, ndipo limaumvetsa mtima wa munthu kuposa momwe ife timaumvetsera tikapsa mtima.

Gawo 271 limati munthu waba ngati watenga chinthu chotheka kubedwa mwachinyengo, alibenso chikhulupiriro choti chinthucho n'chomuyenera, kapena ngati mwachinyengo wasandutsa chinthu cha mwini kuti chipindulire wina amene si mwiniwake. M'chiganizo chimodzichi muli mfundo zingapo, ndipo boma liyenera kutsimikizira iliyonse. Imodzi ikasowa, mlandu wa kuba wagwa.

Chinthucho chikhale ndi mwini, chikhalenso chonyamulika. Munda subedwa, amene wasuntha malire usiku ali ndi mlandu wina, osati uwu. Koma chimanga cha m'mundamo chimabedwa, chifukwa lamulo limati chinthu chikangothyoledwa kapena kuzulidwa n'kukhala chonyamulika chasanduka chotheka kubedwa, ngakhale amene wachithyolayo akhale wakuba yemweyo. N'chimodzimodzi malata a padenga. Mbewa ya kutchire ilibe mwini, koma mbuzi ya m'khola ili naye, ndipo kuba ziweto monga ng'ombe, mbuzi ndi nkhumba kuli ndi gawo lakelake, 281, lomwe chilango chake chimafika zaka 14, pomwe kuba wamba pa gawo 278 kumalekezera pa zaka 5. Kenako chinthucho chisunthe. Wopisa m'matumba mudepoti amene wakoka chikwama pang'ono chabe, mwini n'kumugwira dzanja, watenga kale. Sakufunika kuti athawe nacho.

Zonsezi n'zooneka ndi maso, mboni zimazifotokoza mosavuta. Povuta ndi pa chinyengo, chifukwa chimakhala mumtima. Lamulo silinamusiye woweruza kuti azilota. Linatchula zolinga zisanu zomwe zimasandutsa kutenga kukhala kwachinyengo, ndipo chodziwika kwambiri ndi chofuna kumulanda mwini chinthu chake mpaka kalekale. Tengani mnyamata amene wakwera njinga ya amalume ake osapempha, kupita kukaonera mpira kumudzi wina, madzulo n'kudzaiimika pomwe anaipeza. Walakwa, ndipo pali kamlandu kena kakang'ono kogwiritsa ntchito njinga kapena galimoto ya mwini popanda chilolezo, koma sanabe. Zinthu zimasintha akaisiya njingayo ngati chikole kwa wakatapila, kapena kwa mayi wotcheza kachasu kuti amwe pangongole. Kupinyolitsa chinthu cha mwini lamulo limakutcha chinyengo, ndipo mawu akuti "ndikanaiwombola Loweruka" samupulumutsa. N'chimodzimodzi akaipereka kwa wina pa pangano lomwe mwina sangathe kulikwaniritsa kuti ibwerere, kapena akaiphwasula n'kugulitsa matayala ndi tcheni kotero kuti singabwererenso momwe inalili.

Cholinga chachisanu ndi chomwe anthu ambiri ovala bwino sachidziwa, kapena amachita ngati sachidziwa. Pa ndalama, lamulo limati kungofuna kuzigwiritsa ntchito mmene iwe ukufunira n'chinyengo kale, ngakhale uli ndi maganizo odzabweza pambuyo pake. Apa ndi pomwe pagwera mayi wa kaunjika uja. Pagweranso msungichuma wa komiti ya sukulu, wa kutchalitchi, kalaliki wa m'sitolo amene amatapa Lachisanu kuti adzabwezeremo Lolemba, ndi wachibale amene mwamutumizira ndalama kuchokera ku Joni kuti akugulireni malata, iye n'kuyamba nazo geni ya usipa. Anthu otere sitiwatcha akuba chifukwa timadya nawo, timaimba nawo kwaya imodzi, ndipo khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ena amati lamuloli n'louma mtima, chifukwa munthu wofuna kubweza sali ngati wothawa nazo. Ine ndikuti pamenepa lamulo linaona patali. Pafupifupi aliyense amene anadyapo ndalama za gulu anayamba ali ndi mtima wobweza. Chiopsezo cha geni yake anachisenzetsa anthu omwe sanawafunse, ndipo geniyo ikanayenda phindu likanakhala lake yekha.

Kwa ogwira ntchito m'boma lamulo linamangitsa kwambiri. Gawo 283 limati wantchito wa boma amene anasungitsidwa ndalama kapena katundu chifukwa cha udindo wake, n'kulephera kuzionetsa kapena kufotokoza komwe zinapita, khoti limutenga kuti anaba pokhapokha iye atalikhutiritsa kuti sizinatero. Pa milandu ina yonse ya kuba ndi boma lomwe limasenza udindo wobweretsa umboni. Apa pokha mtolowo umatsamira kwa woimbidwa mlandu.

Nanga chotola? Ana amati chotola si chakuba, ndipo lamulo limagwirizana nawo pang'ono chabe. Wotola salakwa ngati sakumudziwa mwini ndipo ali ndi zifukwa zomveka zokhulupirira kuti mwiniyo sangapezeke. K500 yopezeka pamsewu ku Limbe ndi yotero. Chikwama chomwe muli chiphaso cha unzika chokhala ndi dzina ndi chithunzi si chotero. Ndipo ndalama zolowa mwangozi pa Mpamba kapena Airtel Money, zomwe zimabwera ndi nambala ya wotumiza, mwiniwake n'kumaimba foni akulira iwe uli kalikiliki kukazitapa kwa ejenti, sindikuona kuti ungazitche zotola pamaso pa woweruza aliyense.

Tsopano tibwerere kwa mtsikana wa ku Dowa. Chomwe chingamuteteze chili m'gawo 271 momwemo komanso m'gawo 8, lomwe limati munthu sakhala ndi mlandu pa nkhani ya katundu ngati zomwe anachita anazichita pokhulupirira moona mtima kuti ali ndi ufulu pa katunduyo, popanda cholinga chonyenga. Mawu ofunika ndi akuti moona mtima. Lamulo silikunena kuti akhale wolondola. Mwina loya atha kumuuza kuti njira yoyenera inali yopita ku ofesi ya zantchito kukadandaula, ndipo atha kukhala kuti akunena zoona. Koma kulakwitsa njira ndi kuba ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo khoti limaona kusiyanako m'zochita za munthu. Anawerenga zake zokha kapena anakokolola zonse? Ananena poyera kapena anabisa? Atafunsidwa anakana kapena anati inde, ndi malipiro anga? Amene watenga zokwana ngongole yake n'kusiya uthenga sachita ngati mbava.

Wina anena kuti ukatsegula khomo limeneli aliyense alowamo, wakuba aliyense azingoti "ndimayesa n'zanga". Nkhawa imeneyi ndi yomveka, ndipo tili ndi chitsanzo chowawa. Kwa zaka zambiri achibale a mwamuna ankafika maliro asanathe n'komwe, kunyamula mipando, firiji ndi mabulangete, mayi wamasiye ndi ana n'kutsala pa simenti, iwo akunena kuti ndi katundu wa m'bale wawo ndipo mwambo ukuwalola. Ambiri a iwo ankakhulupiriradi zimenezo, zomwe zinkachititsa kuti kuwaimba mlandu wa kuba kukhale kovuta. Yankho la Nyumba ya Malamulo silinali kufafaniza gawo 8. Mu 2011 inakhazikitsa lamulo latsopano la chuma cha masiye lomwe limati kulanda katundu wa womwalira pomwe suli woyenera ndi mlandu pawokha. Imeneyo ndiyo njira yabwino: pomwe paoneka mpata woipa, tsekani mpatawo, osagwetsa chitetezo chomwe wantchito wosalipidwa, mlimi wokanganirana mbuzi ndi mlamu wake, ndi mkazi wotenga mapoto ake banja litatha akuchidalira.

Njala yokha si chitetezo. Wothyola chimanga m'munda wa mnzake chifukwa ana agona ndi njala masiku awiri waba ndithu. Njalayo khoti limaiganizira pofika pa chilango.

Ndiye chimachitika n'chiyani tsiku la mlandu? Aliyense amene anakhalapo pabenchi ya khoti la majisitireti Lolemba m'mawa akuchidziwa chithunzichi. Oimbidwa milandu afika pagalimoto ya polisi atamangidwa awiriawiri, ena osavala nsapato, atagona m'chitokosi kuyambira Lachisanu. Wapolisi woimira boma ali ndi mulu wa mafayilo. Mlandu uwerengedwa m'Chingerezi, womasulira aufupikitsa: akuti tsiku lakutilakuti unaba ndalama za akutiakuti, ukuvomera kapena ukukana? Munthu amene sanaimepo pamaso pa woweruza, amene anzake m'chitokosi amuuza kuti ukavomera zimapepuka ndipo ukakana ukaola pa limandi, ayankha motsitsa mawu: "Ndinatengadi bwana, koma..." Mlandu wonse uli pa "koma" ameneyo. Kumbuyo kwake kungakhale malipiro a miyezi itatu, njinga yomwe inabwezedwa madzulo, kapena mbuzi yomwe agogo anagawa asanamwalire. Woweruza wotopa, amene milandu ina yambiri ikumudikira, amva "ndinatengadi" n'kulemba kuti wavomera. Chotsatira ndi kupempha kuti chilango chichepe, ndipo nkhani ya malipiro ija imatuluka pamenepo, mochedwa, ngati dandaulo chabe.

Izi n'zosemphana ndi lamulo lathu lomwe. Gawo 251 la malamulo a kayendetsedwe ka milandu limati khoti lisanalembe kuti munthu wavomera, litsimikize kuti akumvetsa mlanduwo ndi zotsatira za kuvomera kwake, komanso kuti akuvomera kwathunthu popanda kuwiringula. Bwalo lalikulu lakhala likunena mobwerezabwereza kuti mfundo iliyonse ya mlandu iziikidwa kwa woimbidwa mlandu payokha, ndipo lafafanizapo zigamulo chifukwa cha kuvomera kokayikitsa. Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko a 1994 limati munthu ndi wosalakwa mpaka khoti litamupeza wolakwa. Pamapepala zonse zili bwino. Chofunika si lamulo latsopano. N'kuti woweruza afunse m'Chichewa, m'Chitumbuka kapena m'Chiyao chomveka: Unatenga? Unkadziwa kuti n'za mwini? Unkafuna kuchita nazo chiyani? Unkaona ngati uli ndi ufulu wozitenga? Sizitenga mphindi zisanu. Yankho limodzi likakhala ndi "koma", alembe kuti wakana, boma libweretse mboni.

Ndikudziwa chomwe majisitireti angayankhe: milandu ndi yambiri, iwo ndi ochepa, mlandu wokanidwa umadya miyezi, ndipo woimbidwa mlanduyo atha kukhala pa limandi nthawi yaitali kuposa chilango chomwe akanalandira. Zimenezo n'zoona, ndipo n'zochititsa manyazi kuti kuvomera mlandu womwe sunapalamule nthawi zina ndiyo njira yachidule yobwererera kwanu. Bungwe la Legal Aid Bureau, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2015, silingaike loya pa mlandu uliwonse wa nkhuku. Koma mankhwala a vutolo ndi belo ndi kufulumizitsa milandu. Mbiri yoti unamangidwapo chifukwa cha kuba imakutsata pofuna ntchito, pofuna banja, ngakhale pamene katundu wasowa kwa aneba.

Nkhaniyi imakula tikafika pa kuthyola nyumba, chifukwa kumeneko chilango n'choopsa ndipo mfundo zooneka ndi maso n'zosavuta kuzikwaniritsa. Anthu akamva kuthyola amaganiza za chitsulo chokanulira chitseko, loko woduka, khoma lobooledwa. Gawo 308 silifuna zonsezo. Kukankha chitseko chomwe chinangotsekedwa osakhoma ndi kuthyola. Kukweza zenera, kutsegula ndi kiyi wakuba, kutsegula chitseko cha kuchipinda uli kale pabalaza, zonsezi ndi kuthyola. Kulowa ponamiza eni nyumba kuti wabwera kudzawerenga mita ya madzi, kuwaopseza kuti atsegule, kapena kugwirizana ndi wantchito wa m'nyumbamo kuti asiye chitseko chosakhoma, lamulo limakutenga ngati wathyola ndi kulowa. Kulowanso sikufuna thupi lonse. Dzanja lokha, kapena chida chomwe ukugwiritsa ntchito, chikangodutsa mkati, walowa. Anyamata aja oyenda usiku m'makwalala a ku Ndirande ndi ku Kawale ndi nsungwi yaitali yomangirira waya kunsonga, amene amakankha zenera pang'onopang'ono n'kuwedza foni yomwe ili patchaja kapena thalauza lomwe lili pampando kudzera m'mabagalabazi, mapazi awo ali panja, athyola ndipo alowa.

Sindikudandaula nazo zimenezo. Nyumba ya munthu wosauka nthawi zambiri ilibe loko wolimba, ndipo lamulo likanafuna kuti pathyoke chitsulo likanateteza a mipanda ya njerwa okha. Koma taonani chomwe chatsala. Ngati kukankha chitseko ndi kulowetsa dzanja n'zokwanira, ndiye kuti chosiyanitsa wothyola nyumba ndi munthu wina aliyense wolowa mosaloledwa ndi chimodzi chokha: cholinga. Gawo 309 limati athyole ndi kulowa m'nyumba yogonamo anthu ali ndi cholinga chopalamula mlandu waukulu m'katimo, monga kuba kapena kugwiririra. Cholingacho chikhalepo pa nthawi yolowayo. Sikofunika kuti abe kanthu. Wogwidwa ali pabalaza manja ali lende atha kupezeka wolakwa ngati umboni ukuonetsa kuti anadzera kuba, ndipo n'chifukwa chake apolisi amalemba milandu iwiri, wothyola ndi wakuba, pomwe katundu watengedwa. Lamulo limagwiranso amene analowa bwinobwino, n'kuba, kenako n'kuthyola potuluka.

Tsono ganizirani woledzera amene wasokoneza chitseko pa nyumba za mdadada zofanana zija, n'kukagona pamkeka wa eni. Ganizirani mnyamata amene waitanidwa ndi mtsikana wa m'nyumbamo n'kulowera pazenera, bambo n'kudzuka kukuwa kuti wakuba. Ganizirani mwamuna wothamangitsidwa amene wabwera masana kudzatenga zovala zake pokankha chitseko. Onsewa "analowa", ndipo akafunsidwa funso limodzi lokha lija ayankha kuti inde. Palibe wothyola nyumba pakati pawo ngati cholinga chopalamula mlandu waukulu panalibe. Angakhale ndi mlandu wolowa pamalo a eni popanda chilolezo, womwe ndi waung'ono kutalitali.

Ndipo chilango cha gawo 309 ndi imfa kapena kukhala kundende moyo wonse. Inde, mwawerenga bwino. Kaya masana kaya usiku, ngakhale lamulo limapereka maina awiri osiyana pa milandu iwiriyi, denga la chilango ndi limodzi. Ku Zambia ndi ku Kenya, komwe mawu a mlanduwu ndi ofanana ndi athu, kuthyola nyumba masana kumalekezera pa zaka 7, usiku pa zaka 10. Ku England komwe, lamulo lawo la 1968 linachotsa nkhani ya kuthyola n'kungoyang'ana kulowa mosaloledwa, ndipo chilango chachikulu pa nyumba yogonamo ndi zaka 14. Ife tatsala ndi chingwe m'buku pa mlandu womwe ungapalamulidwe pokankha chitseko cha bango n'kutenga bulangete.

Ena ati n'zongolembedwa, palibe amene amanyongedwa. Zoona, dziko lino silinanyonge munthu kuyambira 1992, ndipo majisitireti alibe mphamvu yolamula imfa. Koma denga la chilango limakoka zilango zonse za pansi pake. Woweruza akamaganiza kuti apereke zaka zingati, amayamba wayang'ana momwe Nyumba ya Malamulo inaulemerezera mlanduwo. Pa mlandu wa Republic v Chizumila wa 1994 bwalo lalikulu linati poyambira pa kuthyola nyumba pakhale zaka 6, zomwe zimatsika kapena kukwera malinga ndi momwe zinthu zinalili. Yerekezani ndi izi: pa nkhani ya Cashgate yomwe inaphulika mu 2013, Treza Senzani, yemwe anali mlembi wamkulu mu unduna wa zokopa alendo, anavomera mlandu wokhudza K63 miliyoni za boma, ndipo mu 2014 analamulidwa kukhala kundende zaka 3. Sindikunena kuti woweruza pa mlanduwo analakwitsa malamulo. Ndikunena kuti buku lomwe limayambira pa zaka 6 kwa wokankha chitseko n'kutenga wailesi, pomwe wotenga mamiliyoni ndi cholembera angathe kutuluka pa zaka 3, likufunika kuliunikanso. Ndende zathu ku Maula, Chichiri ndi Zomba n'zodzaza kale, ndipo bwalo lalikulu linanena kale za kuthinana kumeneku pa mlandu wa Gable Masangano mu 2009.

Sindikupeputsa zomwe amamva munthu amene nyumba yake yathyoledwa. Katundu atha kugulidwanso, koma tulo sitibwerera msanga. Kamphepo kakagwedeza lata umadzuka mtima uli phaphapha. Kulowerera munthu pomwe amagona ndi ana ake ndi mlandu waukulu kuposa kumubera pamsika, ndipo chilango chiyenera kuonetsa zimenezo. Koma magulu aja obwera ndi zikwanje, kumanga eni nyumba ndi kuwatema, ali kale ndi gawo lawo. Kuba moopseza kapena movulaza kuli pa magawo 300 ndi 301, ndipo komwe kuli zida, gulu kapena kuvulaza, chilango chimafika pa moyo wonse kapena imfa. Kutsitsa denga la gawo 309 sikungawapepukitsire kanthu achifwamba amenewo. Kungangosiyanitsa wa nsungwi ndi wa chikwanje, komanso wolowa masana eni ali kumunda ndi wolowa usiku eni ali m'tulo, kusiyana komwe lamulo limakutchula koma osakugwiritsa ntchito. Aphungu atafuna, ndi ntchito ya tsamba limodzi.

Palinso mawu omwe timawamva nthawi zonse wakuba akagwidwa m'makwalala: tikamupereka kupolisi mawa timuona akuyenda, bola tithane naye tokha. Nthawi zina amene amuona akuyendayo watuluka pa belo, lomwe ndi ufulu wake ndipo si kutha kwa mlandu. Nthawi zina wamasulidwa chifukwa odandaula ndi mboni, anthu omwewo okuwa pamsewu, sanapite kukhoti kukanena zomwe anaona. Gulu la anthu lonyamula miyala ndi tayala limafunsa funso limodzi lokha, loti watenga kapena ayi, ndipo nthawi zambiri silidikira n'komwe yankho. Khoti likamafunsanso funso limodzi lomwelo, kusiyana kwake ndi gululo kumangotsala pa kukula kwa chilango.

Chitetezo chomaliza chomwe malamulo anaika ndi chakuti zilango zina zoperekedwa ndi majisitireti zimayenera kupita ku bwalo lalikulu kuti jaji aziunike ndi kuzitsimikiza, ngakhale womangidwayo asanachite apilo. Pamenepo ndi pomwe kuvomera kokhala ndi "koma" kumagwidwira, ngati woweruza analemba mawu enieni a woimbidwa mlandu m'malo mongolemba kuti wavomera. Vuto ndi liwiro. Fayilo yochokera ku khoti la kuboma lakutali imayenera kulembedwa, kutumizidwa ndi kudikira pamzere, ndipo chilango cha miyezi 18 sichidikira. Jaji akamadzalemba kuti munthuyu sanavomere mlandu mwalamulo ndipo amasulidwe, kawirikawiri amakhala atagwira kale gawo lalikulu la ukaidiwo, mwinanso ataumaliza.